Kamtengo Kodana ndi Mphuno

Dona Graciete anali atasuzumira pawindo, zopanira zovala zili kukamwa, akuyanika malaya a mwamuna wawo, pamene Filomena anaima pansi mumsewu n'kukweza maso. Filomenayu anali mwana wa aneba awo, Dona Leopoldina, amene anali m'chipatala chigwereni pamasitepe.

"Aneba, amayi akutuluka madzulo ano," anatero Filomena. "Ndiye choyamba kufunsa si ine mwana wawo, si mphaka, koma kamtengo kawo ka manjeriko. Akuti kali bwanji?"

Dona Graciete anangogwedeza mutu. Mumtima anathokoza Mulungu chifukwa cha zopanirazo, poti munthu sanganame kukamwa kuli kodzaza.

Kamtengo ka manjerikoko kanali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, katazyolika ngati nkhuku yachitopa. Dona Leopoldina anakalandira pa chikondwerero cha Antonio Woyera kuchokera kwa Senhor Valdemar, bambo wofedwa mkazi amene anatha chilimwe chonse akuwavulira chipewa asanalimbe mtima. Kanabwera kobiriwira, kozungulira bwino ngati mutu wopesa, duwa lapepala litazikidwa pakati. Tsiku limene amawanyamula kupita kuchipatala, Dona Leopoldina anagwira aneba awo dzanja n'kunong'ona kuti, "Mukasamale. Kakafota ndidzadziwa kuti za Valdemar nazonso zafota."

Mu Lisbon ngakhale mwana amadziwa kuti manjeriko sanunkhizidwa ndi mphuno, chifukwa amafota. Umasisita ndi chikhatho, n'kununkhiza chikhathocho. Dona Graciete ankakathirira, ankakaika pawindo kuti kamwe mame, ankakasisita monga mwa mwambo. Koma masana ena ali okha, fungo linadzaza m'khitchini mpaka mtima wawo unagonja. Anazika nkhope yonse m'masamba n'kukoka mpweya mpaka m'mapapo. Sabata isanathe kamtengo kanagwetsa mutu.

"Mwina ndi dzuwa," anatero a Custódio, mwamuna wawo, ali pampando ndi nyuzipepala.

"Ndi mphuno."

"Mphuno yakoyo ndakhala nayo zaka zonsezi, mkazi iwe. Sinaphepo kanthu. Ntchito yake ndi kupeza vinyo amene ndabisa."

"Vala nsapato. Tikafune kena kofanana nako."

Anatsika kuchokera kwawo ku Graça kudzera m'masitepe a ku Mouraria, a Custódio akuwerengera mawondo awo machimo pa sitepe iliyonse. Timapepala ta chikondwerero tinali tidakalendewera pakati pa nyumba, titasuluka ndi dzuwa. Pakona ina mwini golosale anawaona akupuma movutikira, ndipo anangotulutsa kabokosi n'kukaika pamthunzi. A Custódio anakhala. Dona Graciete anamupempherera munthuyo chamumtima, ngakhale sankadziwa kuti amapemphera kuti.

Pabwalo la Rossio, pamene miyala yakuda ndi yoyera inayalidwa ngati mafunde, mayi wogulitsa maluwa anawaseka.

"Manjeriko mwezi uno? Mukapeza mundigulireko ndi Khirisimasi yomwe. Kayeseni kumunda wa ku Estrela, mwina olima kumeneko anasungako."

Anakwera mtunda wina. A Custódio anaima pakati pa njira n'kuyang'ana nyumba yokutidwa ndi matailosi abuluu kuyambira pansi mpaka kudenga.

"Nyumba iyi inali pano nthawi yonseyi?"

"Inkadikira kuti utuluke m'nyuzipepala."

M'munda wa ku Estrela munali kozizirira. Abakha ankayenda pakati pa njira ngati eni malo, ndipo madala ankamenya juga yopanda ndalama pansi pa mtengo umene mizu yake inali ngati mipando. Wolima maluwa anatseka paipi yake yothirira kuti awamvetsere bwino.

"Kuno timadzala zoti anthu azinunkhiza, mayi," anatero. "Kamtengo kodana ndi mphuno sikangathe tsiku. Koma pitani kuchipata cha manda a Prazeres. Amayi ogulitsa maluwa kumeneko sataya kanthu."

Asanapite, Dona Graciete anaoloka msewu n'kulowa m'tchalitchi chachikulu choyera, chadenga ngati dzira. Anagwada kumbuyo kwenikweni.

"Antonio Woyera," ananong'ona, "ndikudziwa kuti ntchito yanu ndi zinthu zotayika. Ichi sichinatayike, ndachipha ndine. Komabe taonani ngati pali chimene mungachite."

Atatuluka anapeza mwamuna wawo atagula mabanzi awiri okoma dzira, limodzi atalidya kale, linalo atalilumako pang'ono pofuna kuona ngati linali labwino.

Manda aja anawatcha Prazeres, ndiye kuti Zisangalalo, ndipo a Custódio sanalole mwayiwo kuwadutsa.

"Munthu wangopulumuka kumene kuchipatala, ife tikamulandire ndi maluwa a kumanda. Ubwenzi wake ndi umenewu."

Mayi wa pachipata anamvetsera nkhani yonse manja ali m'thumba la epuloni. Kenako anawerama n'kutulutsa kamtengo pansi pa tebulo, kobiriwira, kozungulira, kokulirapo pang'ono chabe.

"Ndinadzisungira ine mwini, koma kuno makasitomala anga sanunkhiza. Tengani." Anakulunga mphikawo ndi nyuzipepala yonyowa. "Koma musakayerekeze ndi mphuno."

"Amenewa? Sangachite zimenezo," anatero a Custódio, nkhope ili gwa.

Pobwerera anakwera kasitima kachikasu ka mumsewu, kamene kamachoka pamandapo mpaka ku Graça. Kanadzaza alendo okhala ndi makamera. Mtsikana wina anaimirira kuti a Custódio akhale, ndipo Dona Graciete anawaikira kamtengo pamiyendo, iwo n'kukankhidwa ndi anthu mpaka kumbuyo. Kasitima kanalira m'makona, kanatsika m'tauni, kanayamba kukwera. Mtsinje unkaonekera pakati pa nyumba n'kubisalanso.

Atafika pa tchalitchi chakale cha nsanja ziwiri, Dona Graciete anasuzumira pansi pa mkono wa mlendo wina. A Custódio anali atagona. Mutu unali utatsika pang'onopang'ono mpaka mphuno yonse, ndi ndevu zomwe, zinali m'kati mwa manjeriko. Ankakoka mpweya, masamba n'kulowa. Ankatulutsa, masamba n'kugwedera.

Dona Graciete anatsegula pakamwa kuti akuwe. Kenako anaona akakolo a mwamuna wawo, atatupa mpaka kusefukira pamwamba pa nsapato, ndi manja awiri atagwira mphika mwamphamvu ngakhale m'tulo. Munthuyu anadandaula tsiku lonse, koma sananenepo zobwerera. Dona Graciete anatseka pakamwa. Anamusiya agone mpaka ku Graça.

"Ndalota tili pa chibwenzi," anatero a Custódio potsika, katsamba katamatirira pandevu. "Kunali kununkhira."

"Kunali kununkhiradi. Wagona mphuno ili m'kamtengo kuyambira kumunsi."

A Custódio anayang'ana kamtengo, anayang'ana mkazi wawo.

"Leopoldina sakadziwa. Taona mmene kakuonekera. Tikangopereka, basi."

"Lero sakadziwa. Loweruka kadzafota pawindo pake, ndipo sadzati Custódio, sadzati Graciete. Adzati Valdemar."

A Custódio anachotsa katsamba kaja n'kukayang'anitsitsa.

"Ndiye mawondo angawa afera chiyani?"

"Waona nyumba yamatailosi."

Atakhota kulowa mumsewu wawo anapeza Dona Leopoldina atafika kale. Anali atawakhazika pawindo la m'mwamba, tsitsi litapesedwa, ndipo kumbuyo kwawo kunaima Senhor Valdemar atavala jekete ya Lamulungu ngakhale kunkatentha. Mawindo ena onse anali ndi mitu, chifukwa munthu akachoka kuchipatala msewu wonse umafuna kuona mmene waondera.

"Aneba," anaitana Dona Leopoldina, maso ali pamphika. "Kakula chonchi? Valdemar, taonani mmene kakulira."

Senhor Valdemar anaongola msana ngati kuti anakakulitsa ndi iwo.

Dona Graciete anaganiza zokwera kaye masitepe kuti akanenere m'nyumba, chitseko chitatsekedwa. Koma Dona Leopoldina anali atayamba kale kuloza kamtengoko kuti a pawindo loyandikana aone, ndipo bodza likayenda mawindo atatu silibwereranso. Anaika mphika pansi pamiyala, anapukuta manja m'siketi, n'kukweza mawu kuti afike m'mwamba.

"Aneba, aka si kanu. Aka ndi ka kumanda, ndipo nakonso sikakhalitsa, Custódio wagonamo. Kanu kali kuseri kwa chitseko changa, kanafota. Sikanafote chifukwa cha Senhor Valdemar, za iwowo zili bwinobwino. Ndinakanunkhiza ndine, ndi mphuno yangayi, nkhope yonse. Munandikhulupirira, Leopoldina. Ndikhululukireni."