A Ndikudziwa pa Denga la Chisakasa

Bwato la a Ndikudziwa linabooka katatu mwezi umodzi, ndipo katatu konseko linagunda thanthwe lomwelo. Thanthwelo silinasunthepo chilengedwere, koma iwo ankaumirira kuti ndi limene linali lolakwa.

Dzinali anawapatsa ndi asodzi anzawo, chifukwa ukangoyamba kuwalangiza ankakudula pakamwa: "Ndikudziwa." Kwa zaka makumi awiri ankatuluka padoko pongotsatira bwato la a Singano, mkulu wosoka maukonde woyandikana naye nyumba. Tsopano mawondo a mkuluyo anali atakana ntchito, ndipo panyanja panalibenso womutsatira. Mabanja ambiri anali atasamukira kale kutauni.

"Abambo, bwatoli ndi limodzi lomweli," anatero mkazi wawo mmawa wina. "Likabookanso lasanduka nkhuni, ndipo ine ndi ana tidzalondola anzathu kutauni."

"Ndikudziwa. Ndikufuna matabwa basi."

Anatenga nyundo ndi makwerero n'kulunjika ku chisakasa chakale cha m'mphepete mwa nyanja, chija cha chitseko choyera, chimene makolo ankasemeramo mabwato.

"Chimenecho anatisiyira ndi makolo," mkazi wawo anawakuwira. "Bwanji mufunse kaye?"

"Makolowo akugona, matabwa akungowola."

Atangofika padenga, mbuzi ina inabwera kudzadzikanda pa makwerero, makwerero aja n'kugwa. A Ndikudziwa anatsala m'mwamba ngati tambala. Nthawi yomweyo mayi mlangizi wa za usodzi anatulukira pa njinga, anaima, n'kuyang'ana nyundo ija.

"Achimwene, mukukonza kapena mukuphwasula?"

"Ndikubwereka matabwa. Tandiimikirani makwerero."

"Ndiimika, koma dikirani pang'ono. Lero mwakhala pabwino, pomvera."

Mlangiziyo anapita kukatenga a Singano, amene anabwera akutsimphina ndi ndodo n'kukhala pa bwato lovundikira. Mkazi wa a Ndikudziwa anabweranso, limodzi ndi aliyense amene anamva kuti padenga pali munthu.

"Madala, tiuzeni," anatero mlangizi. "N'chifukwa chiyani chitsekochi mumachipaka laimu chaka ndi chaka?"

A Singano anakweza mutu n'kuyang'ana a Ndikudziwa padenga paja. "Mwana wanga, cheuka kumtunda. Ukuona chiyani kuseri kwa chisakasachi?"

"Mtengo wa mgwalangwa wautali uja," anayankha a Ndikudziwa.

"Tsono yang'ana kunyanja."

A Ndikudziwa anayang'ana. Kuchokera pamwambapo anaona chimene anali asanachionepo ali m'bwato: kanjira kopapatiza ka madzi akuya, kodutsa pakati pa matanthwe, kolunjika ndendende pa chitseko.

"Ukakhala m'bwato," anapitiriza a Singano, "uzipalasa mpaka mgwalangwa uime pamwamba pa chitseko choyera. Zikangopatukana, uli pathanthwe. Agogo athu sanamange pano chifukwa cha mthunzi ayi. Zaka zonsezi ine ndimayang'ana chitseko, iwe umayang'ana msana wanga."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Kenako aliyense anazindikira kuti nyundo ija ikanagwira ntchito yake, njira ya mudzi wonse ikanathera m'mutu mwa munthu mmodzi wodwala mawondo.

"Bwanji simunatiuze?" wina anafunsa.

"Anandifunsa ndani?"

A Ndikudziwa anachita manyazi kwambiri. Anatsegula pakamwa, ndipo aliyense anadikira mawu aja a masiku onse.

"Sindimadziwa," anatero motsitsa mawu.

"Mubwerezenso, abambo," anatero mkazi wawo. "Ndakhala ndikuwadikira mawu amenewa chikwatiwire."

Makwerero anaimikidwa. Mlangizi analangiza kuti chisakasacho chikonzedwe, ndipo Loweruka lililonse akuluakulu aziphunzitsiramo njira za panyanja, kasokedwe ka maukonde, kasemedwe ka mabwato ndi malo oswanirana nsomba oyenera kuwasiya. Zonse zinkalembedwa m'kope, mawu a a Singano n'kumajambulidwa pafoni.

Patapita miyezi, mabwato analeka kubooka. Alendo anayamba kubwera kudzaona kasemedwe ka bwato, ndipo mabanja awiri anabwerako kutauni. Matabwa okonzera bwato lawo a Ndikudziwa anawapeza kwa mmisiri, atafunsa.

Phunziro lake ndi ili: zimene makolo anatisiyira, kaya nyumba, luso kapena nzeru, zili ndi chifukwa chake. Tisanaziphwasule tifunse, tizilembe, tiphunzitse ana eni ake akadali moyo. Paja safunsa anadya phula.

Masiku ano amene amapaka chitseko chija laimu ndi a Ndikudziwa. Asanakwere makwerero amayamba amangirira mbuzi.