Mulu wa Mango Kuseri kwa Chulu

Mawu akuti brainwave ndinawatola ku loji ya ku Mfuwe, pafupi ndi paki ya nyama zakutchire, komwe ndimaperekera alendo zakudya. Mlendo wina, mayi wachizungu waimvi, anandiuza kuti amatanthauza ganizo lofika mwadzidzidzi, usanaliitane. Anati kalekale kwawoko ena ankakhulupirira kuti maganizo amayenda ngati mafunde, kuchoka m'mutu wina kulowa m'mutu wina, ndiye kumene kunachokera dzinalo. Ndinakondwa kwambiri. Ine Paskale, amene nzeru zanga zonse zimabwera motero, ndinali nditadziwa kuti matenda anga ali ndi dzina lachizungu.

Nthawi imeneyo mkazi wanga Juliet anali ndi dimba la tomato ku Kakumbi. Analithirira yekha chilimwe chonse, chidebe pamutu, ndipo tomato anali atayamba kufiira. Njovu zinali zitawononga kale madimba oyandikana nalo. Juliet anazinga lake ndi chingwe chopaka tsabola ndi girisi, monga achitira aliyense.

Lamulungu masana, ndikuyang'ana mango akuyoyoka pabwalo, funde linandimenya.

"Amake Misozi, nili na brainwave," ndinatero. "Njovu ibwela cifukwa ca njala. Tikaiikila mango kutali, izakhuta, izapita."

"Imwe, njovu mwaiyesa mlendo wa pa loji?" anafunsa Juliet.

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma langa linali litatsekeka ndi Chingerezi. Ndinabwereka wilibala, n'kututa mango mpaka msana kuwawa, n'kukawaunjika kuseri kwa chulu, kataliko pang'ono ndi dimba.

Kutacha, mango onse anali atatha, dimba lili bwinobwino. Ndinazungulira mudzi wonse chifuwa patsogolo, kuphunzitsa anthu mawu aja mwaulere. Ndinaunjikanso, n'kuunjikanso. Kenako ku loji kunadzaza alendo, ndinagonera konko, mulu sunaikidwe. Njovu zinabwera ndi abale awo omwe, zinapeza mbale ilibe kanthu, ndipo zinachita zimene amachita mlendo wanjala wozolowera pakhomo: zinakadzitengera zokha.

Ndinamupeza Juliet atakhala pa chidebe chake pakati pa dimba. Tomato panalibe, chingwe chili zidutswazidutswa. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipiridwa.

"Mzungu wanu sananame," anatero. "Maganizo yayendadi mutu na mutu. Yanu yanafika ku njovu zonse za mu paki."

Anatola tomato mmodzi wopondedwa, n'kumupukuta pachitenje, n'kundiika m'manja.

"Nayu. Ndiye wamene mwatisiyila."