Tulani Kapena Dulani

Panali kalipentala wina amene anthu ankamutcha Chimkuzamawu, chifukwa akapereka moni msewu wonse unkayankha. Koma Lachiwiri lina chimfine chinamugwira pakhosi, mawu onse n'kuthawa. Anangotsala ndi manong'onong'o.

Mlamu wake, dalaivala wa lole amene anali pa tchuthi, anabwera kudzamuthandiza. Analowa mu shedi atasenza matabwa awiri aatali a tebulo la kasitomala. Chimkuzamawu, amene anali chogwada m'kabati akumanga zitseko, analoza benchi ndi chibwano n'kunong'ona kuti, "Tulani apo, alamu."

Pabenchipo panali sowo. Mlamuyo, munthu wosafuna kuuzidwa kawiri, anapinda malaya. Pomwe kalipentala ankatulutsa mutu m'kabati muja, matabwa awiri anali atasanduka anayi.

Anayesa kukuwa, koma panangotuluka mphepo ngati tayala lobooka.

"Mwanena nokha kuti dulani!" anadziteteza mlamuyo.

Mkazi wa kalipentala, mphunzitsi wa ana aang'ono, anawapeza akulozana zala. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka kukhala pa utuchi. Kenaka anagwira dzanja la mwamuna wake n'kuliika pakhosi pake.

"Tamvani, bambo. Sssss." Pakhosi panali zii. "Zzzzz." Zala za kalipentala zinamva kunjenjemera, ngati makina opalira matabwa akangoyatsidwa.

"Sula, zula. Tula, dula. Lilime limagunda malo omwewo, chosiyanitsa n'kunjenjemeraku. Inuyo lero injini yazima, ndiye achimwene akanamva bwanji?"

"Nanga a, e, i, o, u?" anafunsa mlamuyo, nkhope itayamba kumasuka poona kuti mlandu ukumuchoka.

"Amenewo amanjenjemera onse. Ndi amene amanyamula mawu kukafika patali."

Mlamuyo anadzigwira pakhosi n'kuyamba kulira "aaa, eee" ngati mbuzi yomangidwa padzuwa. Kalipentala anafuna kukhalabe wokwiya, koma mapewa anamuulula kuti akuseka. Anatola thabwa limodzi, kuliyang'ana m'mphepete, n'kugwedeza mutu: munthuyo anali atadula mowongoka bwino. Zidutswazo zikanatha kukhala mashelefu a kabati ija.

"Nanga matabwa a tebulowo mutani?" anafunsa mkazi wake.

"Ndikagula," ananong'ona kalipentala.

Mlamu anatembenukira mlongo wake, nkhope ili gwa.

"Akuti akakula. Tiwadikire basi."