Kampando ka pa Mutu wa Chinjoka

Keziah wa ku Kabwata, mu Lusaka, ndi mtsikana wosaiwala. Ukamuponda phazi mu minibasi lero, adzakukumbutsa pa ukwati wako. Ndiye tangoganizani mmene mtima wake unawirira tsiku limene anamulanda ng'oma.

Nkhani yake ndi iyi. Kuseri kwa Makeni kuli damu la pa famu ina, ndipo Loweruka lililonse kumakumana timu ya bwato la chinjoka. Bwatolo ndi lalitali, lowonda, kutsogolo kuli mutu wa chinjoka wa mano oyera mbee. Anabwera nalo ndi Ba Zhou, Mtchaina wogulitsa matailosi m'tauni, amenenso ndi kochi. Opalasa amakhala awiriawiri, ndipo kutsogolo kwenikweni, pa kampando kakang'ono kam'mwamba, pamakhala woimba ng'oma atayang'ana anzake. Kampandoko kanali ka Keziah chiyambire timuyo. Amayi ake ankati chinjoka ndi cha m'Chivumbulutso, koma iye ankangoti, "Mami, ni pulanga chabe," n'kutuluka.

Timuyo inkavutika, osanama. Ndiye atabwera Ba Fabian Kampamba a ku Kabulonga, eni fakitale ya majuwisi, n'kunena kuti akhala siponsa, anthu anavina. Majezi atsopano, basi yopita ku damu, ndi shedi yosungiramo bwato. Chama, kaputeni wa timu, anaitana onse kunyumba kwake ku Woodlands kukawotcha nyama. Nyama ili pakamwa, Chama anatsokomola.

"Ba Keziah, musamvele kuipa. Ba Kampamba bafuna mwana wao Cheryl ankale pa ng'oma pa mpikisano."

"Cheryl uti? Uyu wamene sanagwilepo nkafi?"

Cheryl anali pomwepo, zikhadabo zazitali, foni m'manja. "Osadandaula, mwana," anatero. "Ba dadi bakamba ati pamapikicha pafunika nkope yamene ingagulise juwisi."

Ena anaseka, ena anayang'ana m'mbale. Keziah anamwetulira. Amene amamudziwa akaona kumwetulira kumene kuja amasuntha mpando.

"Kulibe vuto," anatero. "Nizamupunzisa neka."

Ndipotu anamuphunzitsadi. Ba Zhou anali atapita kwawo ku China kukaona abale, ndiye zonse zinali m'manja mwa Keziah. Iye anatenga nkhafi n'kukhala mzere woyamba, maso ndi maso ndi Cheryl, pambali pake pali Lombe, mnzake wa ku Chelstone. Anamusonyeza Cheryl kagwiridwe ka ndodo, kamenyedwe, ngakhale kakuwidwe. Chinthu chimodzi chokha ndiye sanamuuze. Pa mpikisano weniweni bwato limanyamuka ngati ng'ombe yolumidwa ndi mavu, ndipo pa kampando kaja palibe chogwira. Woimba ng'oma amatambasula miyendo n'kuipana ng'omayo ndi mawondo mwamphamvu. Ukapanda kutero, wapita. Koma a mzere woyamba ndi amene amayambitsa liwiro, choncho pokonzekera Keziah ankanyamuka pang'onopang'ono, akuti mwana wa siponsa angaope.

Kenako mwayi unadzibweretsa wokha. Cheryl anamutumizira chithunzi cha diresi la Chitchaina, lofiira psuu, loterera, lothina mpaka m'munsi mwa mawondo.

"Nivale iyi pa tsiku lija?"

Keziah anachita kudzuka pabedi. "Vala, mami! Chofiila ni mwayi ku China. Uzaoneka monga mfumukazi."

Tsiku la mpikisano ku damu kunadzaza. Kunali matimu a makampani, mabanja a Atchaina a ku Roma ya mu Lusaka momwemo, ndi anyamata ojambula amene Ba Fabian anabwera nawo. Amayi a Chitchaina ankagawa mpunga womata wokulunga m'masamba a nsungwi, ndipo Lombe anayamba kutafuna ndi tsamba lomwe mpaka anamuletsa. Mabwato asanalowe m'madzi panali mwambo. Ba Zhou, amene anali atangobwerako, anafotokoza kuti chinjoka chimakhala chili mtulo mpaka munthu wolemekezeka atachidontheza penti yofiira m'maso. Burashi anapatsa Ba Fabian. Iwo anadontheza diso ili, diso ilo, akuyang'ana kamera, penti ina n'kugwera pa nsapato yawo.

Apo ndi pamene Cheryl anatulukira mu diresi lija, jekete yoyandamitsa ili pamwamba, wigi yofika m'chiuno. Ba Zhou anamuyang'ana n'kupukusa mutu.

"Diresi iyo, ayi. Bwato, ayi."

"Ba kochi, bojambula bafika kale," anatero Ba Fabian.

"Nizamuyang'anila ine," anatero Keziah, mawu ofewa ngati a mu kwaya.

Cheryl anakwera. Miyendo sinkatambasuka, ndiye anakhala chammbali, mawondo pamodzi, ng'oma ili payokha uko. Keziah ankadziwa bwino lamulo loti bwato lofika kumapeto lopanda woimba ng'oma siliwerengedwa. Analiganizira lamulolo, n'kuganiziranso za nkhope yogulitsa juwisi. Anatembenukira kwa Lombe.

"Lelo tinyamuka monga kale."

"Iwe, nanga uyu?"

"Palasa chabe."

Lipenga linalira. Keziah anabaya madzi ndi mkwiyo wonse wa ku Woodlands kuja, anzake kumbuyo n'kutsatira, bwato linalumpha. Cheryl anamenya ng'oma kamodzi, kachiwiri anamenya mphepo. Anaterereka pa kampando, miyendo m'mwamba, phava m'madzi! Jekete inamubweza pamwamba akulavula, koma wigi inali itanyamuka ulendo wakewake. Kumtunda mafoni onse anali m'mwamba.

"Imani!" anakuwa Chama kumbuyo komwe ankawongolera.

"Bamutenga ba bwato yopulumusa! Palasani!" anakuwa Keziah, n'kuyamba kuimba ng'oma ndi pakamwa. Anapalasa ngati akuthamangitsidwa, ndipo anafika oyamba. Woweruza anangoloza kampando kopanda munthu n'kupingasa manja. Chikho chinapita kwa amene anafika pambuyo pawo.

Kumtunda Cheryl anali atafunda thawulo, akunjenjemera, utoto wa m'maso ukutsikira m'masaya.

"Wenze uziba," anatero kwa Keziah.

"Nanga si wenze kufuna mapikicha? Ona, Lusaka yonse yakujambula."

Ba Fabian sanakuwe ayi, anthu olemera sakuwa. Anangouza Chama kuti shedi yawo isaonenso bwato limenelo, majezi abwezedwe atachapidwa, ndipo basi inyamuka yopanda munthu. Ba Zhou anamasula mutu wa chinjoka, anaukulunga m'nsalu, n'kuunyamula ngati mwana wodwala. Podutsa pamene panali Keziah sanamuyang'ane n'komwe. Zimenezo zinamulasa pang'ono, koma pang'ono pokha.

Chama anabwera atanyamula ng'oma, n'kumuikira Keziah pamapazi.

"Si wenze kuifuna? Tenga. Kulibe kosungila."

"Nanga bwato?"

"Izagona pa udzu mpaka tipeze siponsa wina. Ngati alipo wamene angafune timu yoponya bana bake mumanzi."

Timu yonse inayenda wapansi mpaka kumsewu, palibe wolankhula naye, ngakhale Lombe. Keziah anakwera minibasi ndi ng'oma yake, kondakitala akudandaula kuti yatenga malo a munthu. Pafupi ndi msika wa Soweto dalaivala anaponda buleki mwadzidzidzi, amayi ena anagwera pa thumba lawo la tomato, koma Keziah sanasunthe. Anali ataipana ng'oma ndi mawondo.

Loweruka lotsatira kunalibe zopita ku damu. Pa gulupu ya timu ya pa foni panali zii. Ng'oma inali pamwamba pa wadiropu, amayi ake ataifunditsa chitenje kuti isawayang'ane. Keziah anakhala pabedi n'kuiyang'ana kwa kanthawi, manja akumuyabwa. Kenako anatsegula foni, anafufuza kanema uja, n'kumubweza pomwe wigi ikuyandama yokha kulowera ku mabango. Anaseka mpaka amayi ake anagogoda pakhomo.