Kumene Lenzi Inayang'ana

Lazarous anagula lenzi yaitali ya kamera ku Lusaka, kwa munthu wina wojambula mpira amene anali atatopa nayo. Chiigulireni, anthu a pa Nyimba sanapume. Ankaima nayo pakhonde la situdiyo yake, pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi, n'kumaitana aliyense wodutsa kuti adzaone khwangwala amene wamujambula ali pamtengo tsidya lina la msewu. Mkazi wake Rabecca, amene ankasindikiza zithunzi mkatimo, ankangopukusa mutu.

Koma tisamunamizire, lenziyo ankaidziwa. Simafuna dzanja lonjenjemera. Umakanikiza zigongono m'nthiti, kugwira mpweya, n'kuika kabokosi kofiira ka m'kamera pankhope ya amene ukumufunayo. Iyeyo amaoneka bwino mpaka nsidze, ndipo ena onse, akutsogolo ndi akumbuyo, amasanduka chifunga.

Bambo Sitefano a ku Luembe anaitana Lazarous kuti akajambule ku ukwati wa mwana wawo Rosa. Iwo anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, n'kukhazikika konkuno. Mlongo wawo wamkulu anatsala ku Tete, ndipo miyendo sinamulole kubwera.

"Chinthu chimozi chabe nifuna," anatero bamboyo. "Nkhope ya Rosa pamene amuvalika mphete. Azakhali ake aione."

"Osadandaula, bambo. Azaona na misozi yamene," anayankha Lazarous.

M'tchalitchimo ansembe analetsa ojambula kuyandikira kuguwa. Anyamata a mafoni anang'ung'udza, koma Lazarous anasekera mumtima. Anakhala kumbuyo kwenikweni, nagoneka lenzi pamsana pa benchi kuti isagwedezeke.

Kuseri kwa akwatiwo kunaima kwaya, ndipo pakati pake panali Goodness, amene ankatsogolera nyimbo. Lazarous anali asanalankhulepo naye. Koma lenziyo inamubweretsa pafupi ngati wakhala naye pa mphasa imodzi, popanda aliyense wodziwa. Ndingoona kamodzi, anadziuza. Anasuntha kabokosi kofiira kaja pang'ono, kenaka n'kubwerera kwa Rosa. Iye ankaganiza kuti wabwerera.

Lolemba bambo Sitefano anafika ku situdiyo ndi akazi awo, atanyamula nkhuku yothokozera. Lazarous, mwa matama ake, anali asanaziyang'ane n'komwe zithunzizo. Anapereka kakhadi ka m'kamera kwa Rabecca, nawakonzera alendo mipando patsogolo pa kompyuta.

Za panja zinali bwino ndithu. Kenaka zinafika za mphete.

Rosa anali mtambo woyera wopanda maso. Mkwati anali mthunzi wa suti. Pakati pa mapewa awo panali Goodness, kukamwa kuli yasa poimba, ndolo zikuwala, thukuta la pamphuno likuoneka kadontho kalikonse. Rabecca anadina chithunzi chotsatira. Goodness. Chotsatira, Goodness akuseka. Chotsatira, Goodness ataweramitsa mutu, mphete ya Rosa itangotsala kachizimezime m'munsi mwa chithunzi.

Lazarous anamva manyazi amene anali asanawamvepo chibadwire. Makutu anatentha, malaya anamata pamsana. Nkhuku ija inalira pansi pa mpando.

"Nanga mwana wanga ali kuti?" anafunsa bambo Sitefano motsitsa mawu.

"Ni lenzi, bambo," anatero Lazarous, maso ali pansi. "Nthawi zina imasankha yeka."

Anayembekeza kuti Rabecca amutsutsa. Ndi iye amene anamva kambirimbiri, mpaka kutopa, kuti lenziyo imagwira pokhapo pamene mwini wake waloza.

"Ni zoona, bambo," anatero Rabecca. "Ni yakudala, tinagula yogwilako kale nchito. Mutikhululukile. Tizafunsa anyamata a mafoni, kapena alipo wamene anagwilako."

Akazi a bambo Sitefano anayang'ana Rabecca nthawi yaitali, monga amayi amayang'anana. Banjalo linanyamuka. Nkhuku anaisiya, ndipo zimenezo zinamupweteka Lazarous kuposa akanaitenga.

Atatsala awiri, Lazarous analakalaka mkazi wake akanakalipa, kapena kuswa kapu, chilichonse choti iye ayankhepo. Rabecca anangobwerera pa kompyuta. Anakulitsa nkhope ya Goodness mpaka inadzaza galasi lonse, ndipo sinasokonekere ngakhale pang'ono.

"Amake Kelly, sininakambepo naye olo liwu limozi."

"Niziwa," anatero Rabecca. "Munagwila chabe mpweya."

Makina osindikizira anayamba kulira. Rabecca anali atasankha pepala lalikulu lonyezimira, lija ankasungira zithunzi za m'mafelemu. Anadikira kuti liume, nalitenga m'mphepete mosamala monga amachitira ndi ntchito ya kasitomala, n'kuliyang'ana pa kuwala kwa pakhomo.

"Atate ake Kelly, ichi chapambana vonse vamene munajambulapo. Nakhala na imwe zaka zonse izi, sininaziwe kuti mungamuone munthu so."

Analowetsa chithunzicho mu envulopu, namuikira m'manja.

"Mukawapatse eni ake. Nchito yabwino siyenela kuonongeka."

Kenaka anatola nkhuku ija n'kutuluka nayo kuseri. Lazarous anatsala chiimire pakati pa situdiyo, envulopu ili m'manja.