Dzimbiri la Kagalimoto ka Aboy Ogbazghi

Zerai, wokonza ziwiya zachitsulo mumsika, anavula kagalimoto chikhungwa chake chofiira n'kumiza makina ake onse m'chitini cha viniga. Thovu linayamba kutuluka m'timano ta magudumu.

Kanali kagalimoto ka malata koyendera kiyi, kopangidwa ku Italy kalekale. Mwini wake anali apongozi ake a Zerai, Aboy Ogbazghi, amene anali chigonere kwa miyezi iwiri. Mkuluyo anali atasiya kudya, koma anapempha chinthu chimodzi: aone chidole chake cha paubwana chikuyendanso asanatseke maso.

Weldu, wokonza mawotchi wa pa benchi yoyandikana, anasuzumira m'chitinimo.

"Iwe Zerai, ndiwo zanji ukuphikazi?"

"Ndikuchotsa dzimbiri. Ziwaya zokazingira khofi za mumsika muno ndimazitsuka chonchi, ndipo palibe mayi anabwezapo."

"Chiwaya chilibe matumbo. Mmenemo muli sipuling'i yopyapyala ngati khungu la anyezi. Imeneyo imafuna palafini ndi kansalu, mosathamanga. Viniga amailowa mpaka m'mafupa. Masula uichotse."

"Ndimasule tinthu tonseti? Apongozi alibe masiku odikira."

"Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero Weldu, osaseka.

Ine wokusimbirani nkhaniyi ndagulitsa zitsulo kuyambira ku Massawa mpaka ku Jeddah. Ndinayamba ndi wilibala yobwereka, lero malole anga ndi anayi, ndipo manja ngati a Weldu sindinawaone kwina kulikonse. Munthu ameneyo akaleka nthabwala, wanzeru amaima kaye. Zerai anangovundikira chitini n'kutseka shopu. Mawa lake kunali chikondwerero cha tchalitchi chawo, mowa unachuluka, ndipo makina aja anagona m'viniga masiku atatu.

Anatuluka akuwala ngati ndolo za mkwatibwi. Zerai anawatsuka, anawathira oyilo, n'kubwezera chikhungwa. Weldu anaika galasi lake pa diso, nayang'ana kudzera pa bowo la kiyi nthawi yaitali.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero motsitsa mawu. "Sipuling'i yadyeka, yatsala ndi timaenje tokhatokha. Kiyi asapitirire katatu. Ndipo mkuluyo umuuze."

Masana Zerai anafika kwa apongozi. Mkazi wake, Abrehet, anali akukazinga khofi pa mbaula kuti bambo ake amveko fungo lokha. Aboy Ogbazghi anali atatsamira mapilo awiri, masaya atalowa. Ataona kagalimoto, maso awo anayera.

"Ndikupotokolereni kiyi, bambo," anatero Zerai mofulumira.

"Bwera nako kuno. Chiyambire ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kiyi ameneyu sadziwa dzanja lina. Amafuna kakhumi ndi kawiri, ndiye kamafika pakhomo paja."

"Mwina lero tiyambe ndi katatu."

"Katatu? Kuti kafere pansi pa bedi? Wodwala ndine, mwana wanga, osati iko."

Abrehet anaseka, kuseka kwake koyamba mwezi umenewo. Zerai anayang'ana mkazi wake, napereka kagalimoto kwa mkuluyo.

Zala zowonda zija zinagwira kiyi. Kamodzi, kawiri, katatu. Mkuluyo ankawerenga mokweza. Kanayi, kasanu. Khofi anayamba kupserera m'chiwaya, koma Abrehet maso anali pa manja a bambo ake. Pa kachisanu ndi chitatu m'kati munamveka kaphokoso kakang'ono, ngati singano yagwa pa simenti.

Aboy Ogbazghi sanakamve, makutu anali atayamba kale kugontha. Anapitiriza mpaka kakhumi ndi kawiri, kiyi akungozungulira wopanda mphamvu. Anakapatsa mwana wawo Abrehet, iye n'kukaika pansi.

Kagalimoto kanangoima pomwepo. Abrehet anakakankha ndi chala. Kanayenda pang'ono n'kuimanso.

"Bambo, ndine ndalakwitsa," anatero Zerai atagwada pambali pa bedi. "Mnzanga wokonza mawotchi anandichenjeza, ine osamva. Weldu apanga sipuling'i ina. Sabata imodzi yokha."

Mkuluyo anayang'ana chidolecho kwa kanthawi, kenako mkamwini wake.

"Sabata," anatero, ngati akutchula dziko lakutali. "Wakatsuka bwino, mwana wanga. Nafenso amatisambitsa choncho ulendo ukakwana."

Anauza Abrehet kuti akakulunge m'nsalu yoyera, ndipo awatembenuzire kukhoma.