Ingodinani, Alamu

Ku ofesi ankamutchula kuti Namapaipi, ndipo dzinalo ankalinyadira. Kampani yawo inkagulitsa dalaivala, pulogalamu yokhala mkatikati mwa kompyuta, mu kenelo, mmene ukangophonya pang'ono makina onse amafa. Gawo la mapaipi m'dalaivalamo linali lake. Analilemba yekha, analilera yekha zaka zonsezi, ndipo m'mawa umenewu anali atamva kale kuti akufuna kumulanda.

Paipi yake si yamadzi ayi. Ndi njira yokhala ndi dzina imene mapulogalamu awiri amalankhulirana, ina mbali iyi, ina mbali inayo. Mbali iliyonse ikatsegula, kenelo imaipatsa fayilo yakeyake, ndipo dalaivala amalemba m'fayilomo adiresi ya malo a m'memori pamene pali zonse za paipiyo. Mbali imodzi ikamatseka pali dongosolo lake: uyambe wakhoma loko kuti mbali inayo idikire kaye, ufufute adiresi ija m'fayilo, uuze mbali inayo kuti mnzako wapita, kenako ndiye umasule memori. Ukathamangira kumasula, wotsalayo amapita pa adiresi yakale n'kupeza zinyalala, sikirini n'kusanduka yabuluu, kompyuta yafa.

Wothamangira ameneyu anali alamu ake, mkulu wake wa mwamuna wake, omwenso ankatsogolera gulu lawo. Munthu wodziwa ntchito ndithu, tisawanamizire, koma waphuma komanso wa pakamwa pozuna. Lamulo la pa ofesipo linali lakuti chilichonse chimene wasintha sichilowa mpaka mnzako atawerenga n'kudina kuti wavomereza, ndipo zikavuta, mlandu waukulu ndi wa wovomerezayo. Alamuwo lamuloli ankalidziwa bwino. N'chifukwa chake zimene anasintha m'gawo la mapaipi sanabwere nazo ku ofesi. Anabwera nazo kunyumba Lamlungu masana, laputopu kukhwapa, pabalaza pali apongozi akazi, mwana atakhala pamiyendo pawo.

"Ndangochotsamo tinthu tochedwetsa basi," anatero akumwetulira. "Ingodinani, alamu, tidye."

Tsono inu, pamaso pa apongozi, mkulu wa banja mungamuuze kuti dikirani kaye ndikuchongeni ngati mwana wa sukulu? Mwamuna wake anali atamuyang'ana kale ndi maso aja oti usandichititse manyazi. Namapaipi anapukuta manja pa epuloni n'kudina. Nthawi yonse ya chakudyacho mtima sunakhale m'malo, koma anameza.

Zinakaphulikira ku fakitale ina yolongedza katundu. Kumeneko pulogalamu ya sikelo imatumiza kulemera kwa makatoni kwa pulogalamu yosindikiza malebulo kudzera m'paipi. Yosindikizayo ikangotsekedwa sikelo ili mkati molemba, kompyuta yonse thii, lamba n'kuima, makatoni n'kuunjikana mpaka pakhomo. Eni fakitalewo anaimba foni akulalata, ndipo bwana wamkulu, mayi wosakonda zozungulira, anaitanitsa msonkhano.

M'chipinda chamisonkhano munkanunkha khofi wopserera. Alamu ndiwo anayamba kulankhula, manja atapinda mwaulemu ngati ali m'tchalitchi.

"Bwana, ine sindikufuna kuloza munthu chala. Koma gawo la mapaipili lakhala m'manja amodzi nthawi yaitali. Likufunika maso atsopano."

Maso atsopano! Namapaipi anapsa mtima. Munthu wathyola yekha, wakudyera masuku pamutu m'nyumba mwako momwe, lero akusamba m'manja pamaso pako, ulemu uli thoo. Anali atadziuza ali pabasi kuti za kunyumba sazitchula. Zinamufika pakhosi.

"Alamu, loko uja anachotsa ndani?"

"Tisatengere zinthu pamtima, alamu."

"Ndafunsa, anachotsa ndani? Ndani anamasula memori fayilo ya mbali inayo ikadalozabe pomwepo? Ine ndinaika ndemanga pamwamba pa mizere ija kuti osasintha dongosololi. Ndemangayonso munafufuta!"

"Koma munavomereza," anatero alamuwo mofatsa, kufatsa kopsetsa mtima kuja. "Dzina lanu lilipo."

"Ndinavomereza muli pampando wanga, amayi anu akundiyang'ana, ine ndili ndi chipande m'manja! Munadziwa kuti ku ofesi kuno ndikanazibweza. Munandibweretsera kunyumba dala!"

Wina anayamba kuyang'ana kudenga ngati kuli cholembedwa. Bwana wamkulu anavula magalasi n'kumufunsa funso limodzi lokha.

"Munawerenga musanadine?"

"Sindinawerenge, bwana."

"Ndiye mwandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, kudina kwanu kulibe tanthauzo. Chachiwiri, inu awiri simungagwire ntchito gulu limodzi, chifukwa ubale ukulowa mu kenelo. Wina achoke."

Wochoka ankadziwika asanamutchule. Mtsogoleri wa gulu samuchotsa pakati pa chaka makasitomala akulalata. Alamu anapatsidwa chenjezo la pakamwa, n'kugwedeza mutu modzichepetsa. Namapaipi anauzidwa kuti kuyambira tsiku lomwelo apite ku gulu lolemba mabuku a malangizo, ndipo gawo la mapaipi lipita kwa mtsogoleri mpaka atapeza munthu wina. Kwa mtsogoleri! Anafuna kuseka.

Anabwerera pa desiki yake. Anakwiyira alamu, anakwiyira mwamuna wake ndi maso ake aja, ndipo anadzikwiyira yekha kuposa onsewo. Komabe ku fakitale lamba anali chiimire, ndipo iye ankadziwa pokonza. Anatsegula fayilo yosamalira kutseka kwa paipi, anabwezeretsa loko, anabwezeretsa kufufuta adiresi, n'kusuntha kumasula memori kupita kumapeto kumene kunali malo ake. Anawerenga kawiri, mzere ndi mzere, ngati kuti kuwerenga kwa lero kungabweze Lamlungu. Anayesa pa kompyuta yoyeserapo, kutseka mbali imodzi inayo ikulemba, mobwerezabwereza. Sikirini sinasinthe mtundu.

Anadina kuti atumize. Kompyuta inamuyankha kuti alibe chilolezo cholemba m'gawo limeneli.

Anayesanso. Yankho linali lomwelo. Pa ofesi pomwe kupempha mpando watsopano kumatenga miyezi, kumuchotsa iye anachita changu chotere.

Anakhala chiyang'anire mawuwo mpaka anzake anayamba kulongedza zikwama. Kenako anamva makiyi akulira pakhomo. Anali alamu, jekete paphewa, nkhope yowala ngati palibe chachitika.

"Alamu, tiyeni ndikakusiyeni kunyumba, mvula ikubwera. Ndipo zokonza zija, ngati mwalemba kale, ingonditumizirani pa imelo. Ndizilowetsa m'dzina langa kuti zisachedwe."

Namapaipi anaganiza za makatoni ounjikana pakhomo la fakitale ndi anthu oima pa lamba amene sanalakwe kalikonse. Anatumiza imeloyo iwo akuona, n'kutseka laputopu.

"Zafika," anatero. "Galimoto yanuyo pitani nayo. Ine ndikwera basi."